Mafuta a nyumba ziwiri

"Kodi mbuzi ya amuna anu ija ikadali ndi moyo?"

Anandifunsa choncho Mai Rosa sabata yatha tili pamjigo, ine ndikupopa, iwo atakhalira ndowa yawo. Mai Rosa ndi oyandikana nawo nyumba. Makolo awo anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo pakamwa pawo sipadziwa kutsekeka. Ati amafuna abwereke agawire adzukulu awo thobwa. Amayi onse pamzere anaseka. Ndinawayankha kuti ilipo, ili patsindwi la khitchini, akaitsitse okha chifukwa ine sindiigwiranso.

Mbuzi yake si ya miyendo inayi. Ndi chigubu chodulidwa pakati, chokhala ndi timipopi tiwiri kunsi kwake ngati mawere a mbuzi. Ukathira madzi pamwamba amatulukira mbali ziwiri nthawi imodzi. Amuna anga anachipanga chaka cha njala chija kuti azitigawira mafuta ophikira ine ndi mkazi mnzanga.

Ine ndili pamitala. Ndine wachiwiri kwa Che Jafali, amene amamata mabwato kudoko kuno ku Lungwena. Aakulu ndi Abiti Mdala, ndimawaitana kuti achemwali. Amakhala kwawo kufupi ndi nyanja ndi ana asanu. Ine ndimakhala kwathu kumtunda, m'munsi mwa phiri, ndi ana awiri, Halima ndi Asiyatu. Pakati pa nyumba ziwirizi pali ulendo wa ola lathunthu wapansi. Bambowa amakhala masiku awiri uku, awiri uku, ndipo njala isanabwere ine ndi achemwali tinkangoonana pamaliro ndi pa Idi, n'kupatsana moni bwinobwino, aliyense n'kubwerera kwawo.

Novembala

Chimanga cha chaka chapitacho chinatha mu Ogasiti. Chinali chochepa kale, poti mvula inadula chitangoyamba kumasula. Pofika Novembala tinali tikuwiritsa mango osapsa, ana kumadya mpaka mano kuyayamira. Nyanja inali yotseka, boma litaletsa kupha nsomba, mabwato ali pamchenga, ndipo eni ake amene amayenera kumatitsa ankangoti tidikire kaye. Pamsika, mbale ya chimanga imene kale unkaigula ndi ndalama ya mulu umodzi wa usipa inayamba kufuna milu itatu, mbaleyo n'kukhalanso yophwanyidwa kunsi kuti isalowe zambiri.

Mvula yoyamba inagwa chapakati pa mwezi. Ndinatsitsa mbewu imene ndinabisa m'chitini padenga, ndinadzala munda wonse masiku atatu, Asiyatu ali kumsana. Mai Rosa anati ndapupuluma, iwo adikira yachiwiri.

Nthawi yomweyo kunamveka kuti kukubwera chithandizo. Aliyense anali ndi nkhani yake. Ena ankati akulemba amasiye okha, ena ankati wa nyumba ya malata asavutike n'kupita, mpaka bambo wina wa kuseri kwa sukulu anafolera udzu pamwamba pa malata ake. Akomiti olemba mayina atafika anati mwamuna mmodzi ndi banja limodzi, khadi limodzi, kaya ali ndi nyumba zingati. Analemba dzina la Abiti Mdala. Sindinadandaule. Ndi aakulu, ndipo pakamwa pambiri pali kwawoko.

Sabata yomweyo ndinapita ndi Asiyatu kusikelo. Anali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu, tsitsi litayamba kufiira m'mbali. Alangizi a zaumoyo anamukulunga kalamba koyezera mkono kaja, kanaima pachikasu. Anandiuza kuti sanafike polembedwa chiponde, koma kakadzafika pofiira ndiye nkhani ina. Ndizimuthirira sipuni ya mafuta m'phala m'mawa, ina madzulo, osadumphitsa tsiku. Ndinafunsa kuti mafutawo ndiwapeza kuti. Anati kodi simunalembedwe chithandizo. Ndinati talembedwa. Za khadi sindinafotokoze, pambuyo panga panali mzere.

Disembala

Chithandizo choyamba chinafika pabwalo la sukulu: thumba la chimanga, nandolo pang'ono ndi kachigubu ka mafuta. Bambowa ananyamula panjinga mpaka kwa achemwali, ine ndinatsetsereka ndi dengu ndi botolo langa.

Tinayamba ndi kukambirana, ndipo zinatenga nthawi. Achemwali ankati zonse zigawidwe powerenga pakamwa. Bambowa ankati nyumba ndi ziwiri, chilichonse pakati ndi pakati. Pomaliza tinagwirizana kuti chimanga ndi nandolo ziyendere pakamwa, koma mafuta akhale pakati ndi pakati chifukwa cha Asiyatu. Achemwali anavomera milomo itauma. Ndinawamvetsa. Iwo amakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa kwa alovi, anyamata okoka makoka kudoko, ndipo mafuta amenewo anali mpamba wawo wonse.

Chimanga sichivuta. Umatunga ndi mbale, kusalaza ndi dzanja, aliyense akuona. Mafuta ndiye anatipeza. Botolo langa linali lalifupi, lonenepa. Lawo linali lalitali, lowonda. Achemwali ankathira ndi kapu ya tiyi, imodzi uku, imodzi uku, mwachilungamo ndithu, ine ndikuwerenga mumtima. Atamaliza, bambowa anaika mabotolo pamodzi pamkeka, anawerama, anatseka diso limodzi monga amachitira poyang'ana thabwa, n'kunena kuti la achemwali lili pamwamba.

Ndinayesa kunena kuti lawolo ndi lowonda, n'chifukwa chake. Mawu anga anachedwa.

"Ndiye mukuti ndaba?" anatero achemwali.

Sanadikire yankho. Anatenga botolo lawo n'kuyamba kukhuthulira mwanga mpaka mafuta analingana msinkhu. Apo ndiye ine ndinali ndi ambiri kwenikweni, ndipo aliyense wa maso ankaona. Azakhali awo amene anakhala pakhonde akusenda chinangwa anayankhulira m'mphuno kuti akazi aang'ono a masiku ano amabwera ndi mabotolo a mimba. Ndinatenga langa ndi kubwezera mwawo, ndipo pofuna kuti nkhani ithe ndinabwezera mopitirira. Ndinakwera kumtunda ndi mafuta amene anatha masiku khumi ndi awiri.

Lachisanu lotsatira bambowa anabwera kuchokera kumzikiti nkhope ili pansi. Shehe anali atakumbutsa anthu kuti mwamuna wokondera mkazi mmodzi adzauka tsiku lachiweruzo mbali imodzi ya thupi itapendekeka. Bambowa ndi munthu woopa Mulungu, zimenezo sindingawalande. Anakhala pakhonde akusisita phewa ngati layamba kale. Kenaka anati vuto ndi dzanja, chifukwa dzanja la munthu lili ndi mtima. Pakufunika chinthu chopanda mtima, chothira m'mabotolo onse awiri nthawi imodzi.

Ndinati pakufunika mabotolo ofanana basi. Anati zimenezonso n'zabwino, ndiwapeze.

Januwale

Mvula inagwa bwino mwezi umenewu, udzu unakula kuposa chimanga. M'mawa ndinkapalira mwanga, masana m'minda ya ena, malipiro ake madeya. Amayi ena ankapita kudambo kukazula nyika, mizu ya maluwa a m'madzi, kubwerako miyendo italumidwa ndi misundu. Ndinagulitsa nkhuku ziwiri, ndalama yake inagula mbale zinayi za chimanga, pomwe mu Okutobala nkhuku imodzi yokha ikanagula zinayizo. Kunamveka kuti kudepoti ku boma kwafika chimanga chotchipa. Anthu anapalasa njinga kukagona pamzere, anabwerako ndi matumba opinda.

Mabotolo ofanana ndinawapeza kugolosale, mwini wake anandipatsa nditamusesera pakhomo. Ndinawatsuka ndi phulusa mpaka kuwala.

Bambowa, popeza mabwato omata kunalibe, anathera sabata yathunthu pa chinthu chawo. Anadula chigubu, anaboola mabowo awiri ndi msomali wootcha, analowetsamo timipopi takuda n'kumanga ndi mphira wa njinga. Anakachiyesera kudoko ndi madzi a m'nyanja, alovi atazungulira, ndipo ndinamva kuti anawaombera m'manja. Tsiku limene anabwera nacho kumtunda, atachimanga pakaliyala ngati mwana wodwala, Mai Rosa anasuzumira pampanda n'kufunsa ngati mbuziyo yakamidwa kale lero. Dzina linayambira pomwepo. Pofika madzulo mudzi wonse unkalidziwa.

Chithandizo chitafika tinakumananso kwa achemwali. Ndinene zoona, tsiku limenelo mbuzi inagwira ntchito. Mafuta anatsika mbali zonse ziwiri, mabotolo anakwera limodzi ngati mapasa. Ndinakwera phiri ndikuyenda mopepuka.

M'mawa ndinaphika phala, ndinathira sipuni, ndinatakasa. Fungo linandipeza ndisanafike nalo pamkeka. Asiyatu analawa kamodzi, analavula, anatembenuzira nkhope kukhoma. Ndinanunkhiza botolo. Petulo.

Timipopi takuda tija bambowa anadula ku paipi yakale ya injini ya boti. Ati anaitsuka ndi sopo ndi mchenga kawiri konse. Madzi a m'nyanja anadutsamo osatenga kanthu, koma mafuta anakokolola zonse zimene zinakhala m'menemo zaka ndi zaka. Ndinawawiritsa, ndinawasefa pansalu, ndinawasiya padzuwa osatseka masiku atatu. Fungo linakhalabe. Kunyanja zinali zoposa apa. Achemwali anali ndi chimfine, sanamve kanthu, anakazinga beseni lathunthu. Mlovi woyamba kuluma anafunsa ngati zitumbuwazo ndi zodya kapena zolizira injini. Palibe anagula. Unapita ufa, zinapita nthochi, anapita mafuta.

Bambowa atabwera masiku anga, ndinawaikira botolo patsogolo. Ananunkhiza, kenaka anati, "Komabe simunganene kuti wina analandira ambiri."

Ndinatuluka kukatola nkhuni zimene sindinkazifuna.

Mwezi umenewo Asiyatu anadya phala lopanda mafuta. Mai Rosa anandipatsa mtedza wodzaza manja awiri umene anasunga kuti adzale, ndinasinja n'kumathira pang'onopang'ono mpaka unatha. Mafuta a petulo aja ndinkawadzoza ana m'miyendo. Kusikelo kalamba kanaima pachikasu pomwe, koma chofiira chikuonekera m'mphepete. Alangizi anandifunsa ngati ndikuthira mafuta monga ananenera. Ndinati anatha msanga.

Febuluwale

Mvula inadula masabata atatu. Chimanga chinkapota masamba dzuwa likangokwera, ndipo mbozi zinalowa kumtima kwake. Tinkathira dothi ndi phulusa phesi lililonse. Ena ankawaza msuzi wa usipa kuti nyerere zibwere zidye mbozizo, koma ine usipa woti ndiwazire munda ndikanaupeza kuti. Chimanga cha Mai Rosa chochedwa chija chinali chaching'ono, chinapirira kuposa changa, ndipo sanaleke kundikumbutsa. Amuna ambiri anawoloka malire a Mozambique kukagwira ganyu ya chinangwa. Nyumba zina kunkafuka utsi kamodzi patsiku, zina ukadutsa masana umangomva ana akulira motopa.

Chithandizo chisanafike ndinakonza mawu anga bwinobwino. Ndinawauza bambowa kuti ife tili ana, mayi akatipatsa mbatata imodzi anthu awiri, wina ankadula, wina n'kusankha. Wodulayo amasamala yekha. Mabotolo ofanana alipo, mmodzi athire, mnzake asankhe, nkhani yatha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti nzeruyo ndi yabwino kwa ana, koma tsiku lachiweruzo sadzafunsidwa mayi anga, adzafunsidwa iwo. Anakawauzabe achemwali. Yankho linabwera loti iwo sangathire kuti mwana wa dzulo asankhe. Ndinati chabwino, ndithire ine, asankhe iwo. Bambowa anati apo ndiye kuti wamkulu azisankha mwezi uliwonse, kumeneko n'kukondera.

Mbuzi inabweranso, tsopano ya chigubu chatsopano ndi timabango tiwiri tomatidwa ndi kandulo wosungunula. Ndinainunkhiza ndekha mbali zonse. Popeza miyezi iwiri tinagawira kunyanja, ulendo uno achemwali anakwera kwathu, thukuta lili chuchuchu, osalandira ngakhale madzi.

Khonde langa ndinalizira mopendekera kunja kuti madzi a mvula azitsika. Bambowa anakhazika mbuzi pa njerwa ziwiri pakhondepo n'kuthira. Botolo la kunja linadzaza msanga, ndipo linali langa. Achemwali anangoti, "Ehe." Bambowa anabwezera onse m'kachigubu, anasinthanitsa mabotolo, anathiranso. Tsopano lawo ndi limene linatsogola. Ndinati basi, zikhale choncho, ndalola. Bambowa anakana. Anabwezeranso, anaika phale pansi pa njerwa, anathira, phale linachuluka. Anachotsa phale n'kuikapo kachikopa ka nsapato. Kanayi konse mafuta anakwera ndi kutsika. Ulendo uliwonse ena ankatsala m'makoma a chigubu, ena m'mabango, ena m'manja mwawo, ena ankadontha pakhonde pomwe nkhuku yanga yotsala inkajompha dothi lonyowalo. Ine ndi achemwali tinkalangiza, wina kuti kwezani uku, wina kuti ayi uko, mpaka bambowa anakalipa kuti tikuwasokoneza.

Kachinayi analingana. Botolo lililonse linaperewera zala ziwiri poyerekeza ndi mwezi wathawo.

Ndinayang'ana mbuzi ikunyezimira mafuta mkati monse. Ndinati ndiphike phala lamadzimadzi ndithiremo lotentha, litsuke mafutawo, mwana amwe. Achemwali ndikhulupirira akanalola. Koma bambowa anati otsalirawo ndi a nyumba zonse ziwiri, akapita kwa mwana wa nyumba imodzi ndiye kuti zonse tachitazi zapita pachabe. Kutsuka ndi madzi anakananso, ati n'kutaya chakudya. Anaikulunga m'thumba momwemo n'kukaikoleka kukhitchini.

Mafuta a mwezi umenewo ndinawasamala ngati mankhwala a m'maso. Anafika masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Asiyatu anayambanso kuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Malichi

Ramazani inayamba mvula itabwerera. Chimanga chimene chinapulumuka chinabereka, ndipo anyani anatsika m'phiri. Munda wanga ndi womalizira, wogundana ndi miyala, choncho ndimayenera kukhalamo kuyambira kukucha mpaka dzuwa litapendeka, ndikuponya miyala ndi kumenya chitini, kukhosi kuli gwa. Akomiti analengeza kuti chithandizo cha mwezi uno n'chomaliza. Ndinawerenga masiku. Mafuta amenewa akanamufikitsa Asiyatu mpaka mtedza ndi maungu zitakhwima. Achemwali nawo ankawerengera zitumbuwa za pa Idi, tsiku limene ngakhale wosauka amagulira mwana kanthu.

Bambowa anali ataganizira za khonde lija mwezi wonse. Anati chinthu chokhazikidwa pansi chimatengera kupendekeka kwa pansipo, koma cholenjekeka chimadziwongola chokha, monga sikelo ya ana. Anamanga mbuzi ndi zingwe zitatu za ukonde kuti ikalendewere panthambi. Malo anasankha mtengo wa mango wa pamphambano, pakati penipeni pa nyumba ziwiri, kuti wina asadzati tinagawira kwa mnzake. Ndipo anaika lamulo. Chifukwa cha phokoso la mwezi watha, mkazi aliyense asakhudze botolo, asatsegule pakamwa, mpaka dontho lomaliza litatsika. Anatilumbiritsa tonse awiri, mwezi wa Ramazani, anthu akumva.

Linali dzuwa la masana, tonse titafunga, tikusala kudya ndi kumwa. Anthu obwera kuchokera kusukulu ndi matumba awo anatula pansi kuti aonerere. Mai Rosa kunalibe, anali kumunda, akundiyang'anirako ndi wanga womwe. Mpaka lero ndimati akanakhalapo iwo, pakamwa paja pakanatipulumutsa.

Bambowa anatulutsa mbuzi m'thumba lija, anaipukuta kunja ndi malaya, anaikoleka. Inalendewera mowongoka bwino, zoona. Anakwirira mabotolo m'mchenga pang'ono kuti asagwe, anabwereka mtondo kunyumba yapafupi, anauvundikira, anakwerapo. Anati Bisimila n'kuyamba kuthira, maso ali pamwamba pa chigubu kuti mafuta agwere pakati penipeni.

Bango la achemwali linayamba kutsitsa. Langa linadontha kawiri n'kusiya.

Ndinadikira, ndimati mwina ndi mpweya. Botolo lawo linafika pakati, langa lili ndi kadontho pansi. Ndinayang'ana achemwali, iwo maso ali pa botolo lawo. Ndinaganiza kuti ndikayankhula ine, ndathyola lumbiro, ndiponso anthu onsewa adzati wamng'ono wachita nsanje poona la mnzake likudzaza. Mumtima ndinati anene okha aakulu, si akuona. Botolo lawo linafika m'khosi. Anthu oonerera ena ankaganiza kuti ndi momwe imagwirira ntchito, imayamba uku kenaka uku. Ena anabisa pakamwa m'zitenje. Bambowa ali pamtondo ankathirabe mosamala, mokondwa, osayang'ana pansi.

Mafuta anasefukira. Anatsika m'mbali mwa botolo n'kumalowa mumchenga mopanda phokoso. Ndinawaonerera kwa nthawi imene munthu angawerenge mpaka khumi. Asiyatu anali kumsana kwanga, ndikumva mpweya wake pakhosi.

"Bambo a Asiyatu, akutayika."

Anayang'ana pansi mwadzidzidzi, mtondo unagwedezeka, anagwira chingwe kuti asagwe. Mbuzi inapendekeka n'kukhuthula zonse zinali m'mimba mwake, kachigubu kanawapulumuka m'manja n'kugwa chadodolido. Pamene ndinkakatola munali mutatsala zongonyowetsa chala.

Palibe anaseka. Ndinagwada n'kuyamba kukokolola mchenga wonyowawo kuika pansalu, ndinafinya ndi mphamvu zanga zonse, sipanatuluke kanthu. Mchenga wa kuno ukamwa wamwa. Bambowa anathyola kaudzu n'kutokosa m'bango langa. Munatuluka nyerere zakufa, zothithikana ngati phala la mawere. Zinalowa kutsata mafuta aja anakana kuti titsuke, zinafera momwemo.

Anaziyang'ana pachikhatho, kenaka anati palibe vuto, bango latseguka tsopano, otsalawo tingathe kuwagawa bwinobwino.

Achemwali anadzuka. Anazula botolo lawo mumchenga, analitseka, analipukuta ndi nsonga ya chitenje n'kulilowetsa m'dengu.

"Awa sagawidwanso," anatero.

Ndinkadziwa kuti ndilibe pogwira: botolo ndi lawo, khadi ndi lawo. Anasenza dengu, ndiye n'kutembenukira kwa ine, osati kwa bambowa.

"Mwanayo muzibwera naye m'mawa uliwonse. Sipuni yake ndizithira ndine. Phala lamadzulo muzinyamula lothirathira."

Ndinati achemwali, kumunda kuli anyani, bwanji ndingotengako pang'ono m'kabotolo. Anati botolo likakwera kumtunda abale awo adzati alandidwa, likagawidwa pano pakhalanso woyeza ndi diso limodzi, ndipo iwo atopa. Mwana akadya pakhomo pawo, wadya kwa bambo ake, palibe anganene kanthu.

"Za anyanizo muona nokha," anatero, n'kuuyamba wa kunyanja.

Bambowa anatsala akumasula zingwe panthambi, mfundo imodziimodzi.

Epulo

Ndinayenda ulendo umenewo m'mawa uliwonse masiku makumi awiri ndi anayi. Ndinkanyamuka kukangoyera, Asiyatu kumsana, Halima ndikumusiya kwa Mai Rosa. Ndinkapeza phala lili pamoto. Achemwali ankatulutsa botolo m'chikwama cha zovala, kuthira sipuni yodzaza mpaka kunjenjemera, ina m'kambale konyamula, n'kubwezera botolo osandipatsa kuti ndigwire. Ana awo asanu ankadya lawo lopanda kanthu akuyang'ana. Zimenezo zinkandivuta kuposa ulendo.

Sitinkacheza zambiri. Tsiku lina Asiyatu akudya ndinawafunsa kuti paja pamtengo paja anakhaliranji chete, chonsecho ankaona. Anati ankadikira ine, poti botolo louma linali langa. Akanayankhula iwo, anthu akanati akudzionetsa chilungamo pagulu. Anandifunsa kuti nanga ine. Ndinati ndinkadikira iwo. Anapukusa mutu n'kumupukuta mwana pakamwa ndi dzanja.

Pobwerera ndinkafika kumunda dzuwa litakwera kale. Mai Rosa ankayesetsa kukuwa kuchokera m'munda mwawo, koma anyani amadziwa munda wopanda mwini. Ankayambira mizere ya kumiyala, kuthyola, kuluma kamodzi, kutaya, kuthyola china. Masiku amene bambowa anali kwathu ankakhalamo iwo, ndipo ankalondera mokhulupirika. Koma masiku awiri akatha ankatsika kunyanja, chifukwa kuwonjezera tsiku lachitatu kwa ine kukanakhala kukondera.

Idi inadutsa popanda chitumbuwa n'chimodzi chomwe kudoko kuchokera kwa achemwali. Anaphika futali wa chinangwa, tinadya pamodzi kwawoko, koyamba chikwatiwire ine.

Meyi

Kusikelo kalamba kanaima pobiriwira, pang'ono pokha, koma pobiriwira. Alangizi anati ndapirira, ndipitirize zomwe ndikuchitazo. Mtedza unali utakhwima, sindinafunenso mafuta a munthu.

Ndinakolola masiku anayi. Munda umene chaka chabwino umandipatsa matumba asanu ndi limodzi unatulutsa awiri ndi theka. Zina inadya ndi mvula, zina mbozi, koma mizere khumi ndi inayi ya kumiyala inali ya anyani, ndinaiwerenga ndikuzula mapesi.

Mafuta tinalandira kanayi, tizigubu tinayi. Ka Disembala kanadyedwa, ngakhale kanadyedwa ndi mawu. Ka Januwale kanapita konse ndi petulo, pamodzi ndi beseni la zitumbuwa. Ka Febuluwale kanasiya zala zinayi pakhonde ndi m'mabango. Ka Malichi theka linamwedwa ndi mchenga wa pamphambano. Kuphatikiza, pa tizigubu tinayi tinataya kamodzi ndi theka ndi zala zinayi. Kuwonjezera apo nkhuku ziwiri, mizere khumi ndi inayi ya chimanga, mpamba wa achemwali umene sunabwerere mpaka dzinja linalo, mtedza wa mbewu wa Mai Rosa, ndi patapata wanga mmodzi amene anaduka panjira ya kunyanja.